Ulemu kwa a Biringanya Opserera

Mumzinda wa Tete, ulemu wonse adalanda ndi mbuzi ndi nsomba za ku Chicoa. Mlendo akangowoloka mlatho wa Samora Machel timathamanga naye kokadya kanyenya, ndipo potsazika timamumangira nsomba zouma. Koma a Biringanya amangokhala phee pamulu mumsika wa Kwachena, kudikira munthu amene ndalama zamuthera. Abale, chilungamo chili kuti?

Taonani mtundu wawo. Kwawo n'ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo Aluya ndiwo adawanyamula mpaka kukawafikitsa ku Spain. Phwetekere ndi mbale wawo, mbatatesi za ku Angónia ndi Tsangano ndi abale awo. Ngakhale fodya, mwini fakitale mumzinda muno, ndi wa banja lomweli, moti iwonso ali ndi kachikonga pang'ono m'thupi. Koma mudawamvapo akudzitama?

Ndiwo zina zikapserera, wophika amakalipiridwa. A Biringanya okha ndiwo amachita kupempha moto. Mumawagoneka athunthu pamakala mpaka khungu lide bii, mimba iphwe, utsi ulowerere m'kati. Mukawasenda mumawasinja, n'kuthira adyo, ndimu, mchere ndi chitowe chopera. Ku Lebanon ndi ku Syria amati baba ghanoush, ndipo amasunsamo buledi chakudya chenicheni chisanafike. Amwenye amawonjezera anyezi, phwetekere ndi tsabola, n'kumati baingan bharta. Wopanda chitowe athire nsinjiro, eni ake sadandaula. Tsono ndani angatiimire bwino ife a ku Tete kuposa iwo? Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, tonse kuchokera ku Matundo mpaka ku Chingodzi timapsa, koma amene amatuluka pamoto atakoma ndi iwo okha.

Akunja amati chakudyachi n'chodzutsa mudyo. Nzeru zakuya zimenezi! Makolo athu adavutika kufunafuna chothetsa njala, osadziwa kuti kwina anthu amaphika dala choiputa. Ndipo ntchitoyi a Biringanya amaigwira mokhulupirika, pakuti pa magawo 100 a thupi lawo, 92 ndi madzi. Mumatha mbale yonse, mumasamba m'manja, m'mimba muli pululu. Sadanamizepo munthu kuti akhuta.

Adani awo amati akasinjidwa amaoneka ngati matope a mu Zambezi madzi akaphwera. N'zoona, koma matope omwewo ndiwo amadyetsa madimba. Ena amadandaula kuti mukawakazinga amamwa mafuta onse m'poto. Kodi mwini golosale alibe ana ofuna makope? Nsomba ya pende ili ndi minga, nyama yowotcha imafuna mano, pamene iwo agogo opanda dzino amawameza mwaufulu. Ana sawaba mumphika, mphaka amangowanunkhiza n'kupita. Sipanamvekepo mlandu kwa amfumu woti wina wapatsidwa nthuli yaing'ono ya biringanya. Ndiwo zobweretsa mtendere m'banja ndi zimenezi.

Wokayika ayese yekha. Apongozi akabwera kudzacheza, muwaikire nsima ndi a Biringanya opserera, popanda china pambali. Akabweranso mwezi wamawa, dziwani kuti amakukondani ndi mtima wonse. Akapanda kubwera, nkhuku zanu zapulumuka.