Chikomekome cha Pikapu

Amene anayamba kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanaonepo galimoto. Iye ankangodandaula za nkhuyu yake, yofiira bwino, yokhetsa dovu, yomwe ataing'amba anapeza alendo atayala kale mphasa. Koma akanati adzuke lero n'kukazungulira ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, kumene nyundo zimayamba kulira anthu asanamwe tiyi, akanapeza kuti mwambi wake unalembedwa ntchito. Umagwira m'magalaja, pa pikapu zakale zimene zimalowa zili mbuu, chitseko chomanga ndi mphira ya chubu, n'kutuluka Loweruka zikuwala moti munthu akhoza kupesera tsitsi pa boneti.

Pa pikapu zoterezi, yodziwika kwambiri kumwera kuno kwa Africa ndi Nissan 1400, galimoto yaing'ono yoyenera kunyamula theka la tani koma yozolowera kusenzetsedwa tani yathunthu ndi anthu pamwamba pake. Inabadwa mu 1971 ndi dzina loti Datsun 1200. Fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inaipanga mpaka 2008, ndipo mu 1980 inaipatsa injini yokulirapo ya A14, komwe kunachokera nambala ya 1400. Zaka 37 zonsezo thupi linali lomwelo. Ankangosintha apa ndi apo, monga nyali zakutsogolo zomwe zinasiya kukhala zozungulira n'kukhala zamakona. Zinagulidwa zoposa 275,000, ndipo zina zinawoloka Limpopo ndi Zambezi n'kudzakalambira kuno zikututa chimanga, njerwa, mbuzi ndi anthu a matola.

Injini yake sivuta. Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango akhoza kuimasula m'mawa n'kuilizanso madzulo. Chimene chimayamba kufa ndi thupi.

Nyerere za pikapu ndi dzimbiri, ndipo chakudya chake sichisowa: chitsulo, mpweya ndi chinyezi. Silidya paliponse ayi. Limasankha malo obisika omwe madzi amagona, monga pansi pa kapeti ya labala pomwe dalaivala amaponda ndi nsapato zamatope, m'makona a kuseri kwa mpando, m'munsi mwa zitseko momwe timabowo totulutsira madzi tinatsekeka ndi fumbi kalekale, kunsi kwa labala wa galasi lakutsogolo, ndi pokhala batire pomwe asidi amadontha. Kumbuyo konyamulira katundu ndiye kuli phwando, chifukwa feteleza ndi mchere zimakoka chinyezi n'kufulumizitsa kudyeka kwa chitsulo. Thumba limodzi la urea likang'ambika mu Disembala, mwini osatsuka, limagwira ntchito mwakachetechete mpaka nthawi yokolola. Mkodzo wa mbuzi nawo sugona. Odziwa za zomera amati tizilombo tambiri ta m'nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tonyamula mungu, moti popanda ito mkuyu sungakhale ndi mbewu zomera. Itoto tili ndi chifukwa chokhalira m'menemo. Dzimbiri lilibe.

Mwini galimoto amafika kugalaja ndi mawu amodzi: akufuna ioneke ngati yatsopano. Sanena kuti ilimbe, amati ioneke. Ukwati wa mphwake watsala milungu iwiri, kapena wapeza wogula wa ku Kasungu amene wangogulitsa fodya. Mmisiri amazungulira galimoto ija, kugogoda apa, kubaya ndi sikuludalaiva apo, sikuludalaiva n'kulowa yonse mpaka chogwirira. Kenako amatchula mitengo iwiri. "Bwana, apa pakufunika kudula, tiike chitsulo china. Koma ngati mwafulumira, tikhoza kungomata." Bwana amafunsa kusiyana kwa mitengoyo, amayang'ana kumwamba pang'ono, n'kunena kuti, "Achimwene, ingomatani, bola iwale." Ndiye anthu akamanena ma panel beater kuti ndi akathyali, azikumbukiranso kuti nkhuyu zambiri zimachita kuitanitsidwa ndi eni ake.

Chomatiracho ndi fila, phala la m'chitini lomwe amalisakaniza ndi kamankhwala kofiira kolimbitsa. Palokha si mdani. Kale amisiri ankasalaza zigamba ndi mtovu wosungunula, ntchito yofuna luso komanso yowononga thanzi, mpaka m'zaka za m'ma 1950 pomwe ku America kunatulukira phala la pulasitiki. Dzina lotchuka kwambiri ndi Bondo, lomwe kampani ya 3M inagula mu 2007. Ntchito yake ndi kufafaniza timaenje tomwe nyundo yalephera kumaliza, pa chitsulo choyera, ndipo malangizo amati lisakhuthale kupitirira mamilimita 6. Koma m'manja mwa munthu wothamangira ukwati malangizo amakhala nkhambakamwa. Bowo loti n'kulowa chibakera amalitchinga kuseri ndi katoni, waya wa khola la nkhuku kapena nyuzipepala yofinyafinya, n'kumata mpaka lifanane ndi kwina konse. Nyuzipepalayo ili ndi ubwino umodzi: wodzakonza m'tsogolo amawerengapo tsiku lenileni limene galimoto inanamizidwa.

Kwa miyezi ingapo zonse zimakhala bwinobwino. Kenako mvula yoyamba imagwa. Fila amamwa madzi kudzera kuseri komwe sikunatsekedwe, dzimbiri limapitiriza pomwe linalekezera, ndipo poti limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, limatukumula penti. Pamayamba timatuza m'munsi mwa chitseko. Mwini amatiphimba ndi sitika ya timu yake ya mpira kapena ya vesi la m'Baibulo. Tsiku lina tayala limagwera m'dzenje la pamsewu, chigamba chonse n'kuthothoka, kugwa phi! pa tala, ana n'kuchitola kukaseweretsa phada.

Njira inayo ndi yosasangalatsa maso, n'chifukwa chake ili ndi otsatira ochepa. Imayamba ndi kuivula galimoto: mpando, magalasi, zitseko, mawaya, batire, ndi thanki ya petulo, pokhapokha ngati wowotcherera akufuna kudzamveka pa mauthenga a maliro pawailesi. Penti yense amapalidwa mpaka chitsulo chioneke, ndipo apa m'pomwe mwini amazindikira kuti zaka zonsezi phazi lake ndi msewu zimalekanitsidwa ndi kapeti yokha.

Powola sapakapo mankhwala. Amadula mpaka kufika pa chitsulo chamoyo. Pa Toyota Hilux, mutu ndi bodi yakumbuyo zimamangidwa ndi mabawuti pa chasisi, moti amuna angapo akhoza kunyamula mutuwo n'kuukhazika pa matayala akale kuti augwire mbali zonse. Nissan 1400 siimalola zimenezo. Mutu ndi kumbuyo n'zolumikizana, choncho chitsulo cha m'munsi mwa khomo si chokongoletsa chabe, chimathandiza kugwira thupi lonse. Mmisiri wodziwa amayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pakhomopo asanadule, kuti thupi lisapindike. Wosadziwa amadula kaye, ndipo chitseko chikadzabwerera chimapeza khomo linasamuka.

Ku America, wokonza Ford F-100 kapena Chevrolet C10 amangotsegula kabuku ka kampani monga LMC Truck ya ku Kansas n'kuitanitsa kona ya mutu kapena chitsulo chopondapo, zoumbidwa kale, n'kukhala pakhonde kudikira katundu. Kuno sitolo yake ndi mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja. Denga la galimoto yomwe inagubuduzika limasanduka pansi pa inzake. Chitseko cha firiji yakufa chimasanduka kona. Mmisiri amajambula bowolo pa katoni, kudula chitsulo motsatira katoniyo, n'kuchiumba pa chitsa kapena pa chidutswa cha njanji mpaka chikhale pamalo pake popanda kuchikakamiza.

Kuwotcherera ndiye mayeso enieni. Chitsulo cha thupi la galimoto n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo makina a ndodo omwe amawotcherera mageti ndi mawindo amangochiboola. Ambiri amadalira moto wa gasi, ena mpaka pano wa kabaidi, womwe sudikira kuti magetsi ayake. Omwe zawo zinayenda ali ndi makina a MIG. Onsewa mdani wawo ndi mmodzi, kutentha, pakuti chitsulo chopyapyala chikatentha kwambiri chimapotoka. Ndiye mmisiri amadontheza kadontho apa, kudumphira uko, kudikira kuti pazizire, kubwereranso, mpaka madontho aja akumane n'kukhala mzere. Akatero amagwiriziza kachitsulo kolemera kuseri ndi dzanja lamanzere, lamanja likumenya pang'onopang'ono ndi nyundo yopepuka, kenako n'kusisita ndi chikhato atatsinzina, chifukwa chikhato chimamva dzenje lomwe diso silikuona. Pomaliza amapaka penti woteteza kuseri kwa chigambacho, komwe palibe adzasuzumireko, n'kutsegulanso timabowo ta m'zitseko tija. Ntchito imeneyi palibe mlendo wa paukwati amene angaiyamikire.

Zonsezi zimadya miyezi. Galimoto imakhala pa njerwa, ili mawangamawanga ndi pulaima wotuwa, nkhuku ya mlonda itaikira mazira pomwe panali mpando. Apongozi akadutsa amafunsa ngati munafa anthu. Ndalama zimathera pakati, ntchito n'kuima, ndipo mwini akachedwa kubwera amapeza nyali yake yakumanzere ikuyenda m'tauni pa galimoto ya munthu wina, akuti yangobwerekedwa. Apa m'pomwe ambiri amagonja n'kutuma mwana kukagula chitini cha fila.

Opirira mpaka kumapeto amakumana ndi sandipepa: wokhakhala wa 80, kenako 180, 320, mpaka wosalala wopalira ndi madzi. Kupopera penti kwenikweniko n'kwa tsiku limodzi. Kumene kulibe chipinda chotseka, amawaza madzi pansi kuti fumbi ligone n'kupopera m'mamawa mphepo isanadzuke. Komabe penti wosauma amaitana tizilombo, ndipo si zachilendo kupeza kantchentche kapena nyerere yeniyeni itaumira pa boneti, miyendo ili tambalale, mwambi utatopa kukhala m'kati. Chosaseketsa ndi mapapo a wopopera. Penti wa 2K, wowala kwambiri uja, ali ndi mankhwala a isocyanate omwe amayambitsa mphumu, ndipo malaya akale omanga pamphuno satchinga kanthu.

Galasi lakutsogolo limabwerera ndi chingwe. Amachizunguliza mu mpata wa labala, kupaka sopo, wina n'kumakankha ali panja pomwe mnzake akukoka chingwecho ali m'kati, labala n'kumavala mlomo wa chitsulo pang'onopang'ono. Wobwezera labala wakale wong'aluka pofuna kupulumutsa ndalama amakhala watsegulira madzi khomo lomwe analowera poyamba paja.

Wogula wochenjera salabadira kuwala. Amabwera ndi maginito, ngakhale ochotsa mu sipika ya wailesi yakufa, atawakulunga m'kansalu kuti asakande penti. Pa chitsulo amakakamira. Pa fila wokhuthala amatsetsereka n'kugwa. Amagogoda ndi chala kumvetsera pomwe pakuti ngwe ngwe ndi pomwe pakungoti phu phu, amavundukula kapeti, amagwada n'kusuzumira kunsi. Wogulitsa akaona maginito akutuluka m'thumba nthawi zambiri amakumbukira mwadzidzidzi kuti mtengo uja ndi wokambirana. Kugwadako n'kofunikanso pa magalimoto ochokera ku Britain ndi kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa: pamwamba mbee, kunsi kutadyeka.

Chodabwitsa n'chakuti kumene kuli ndalama mwambiwu anautembenuza. Ku America kuli fashoni yotchedwa patina. Munthu amagula pikapu ya m'ma 1960 yomwe inapsa ndi dzuwa kumunda, amaika injini yatsopano, mabuleki atsopano, mipando yachikopa ndi zoziziritsa mpweya, amadula zowola zonse za kunsi, koma penti wosuluka ndi mawanga a dzimbiri la pamwamba amazisiya dala, mwinanso kupoperapo vanishi kuti zisachoke. Ena amafika polipira mmisiri kuti ajambule dzimbiri labodza pa chitsulo chabwinobwino. Ku Japan, komwe m'bale wake wa 1400 ankagulitsidwa ndi dzina loti Sunny Truck mpaka 1994, okonda galimotoyi amaiveka nkhope ya galimoto yakale ya Skyline n'kupita nayo ku zionetsero.

Pikapu zotuta kabichi ku Lizulu ndi tomato ku Jenda zili ndi patina yeniyeni, yopsa ndi dzuwa la Okutobala chaka ndi chaka popanda kulipira aliyense, ndipo eni ake sadziwa kuti akuyendetsa fashoni. Ku Texas anthu akanazizungulira ndi makamera. Kuno wozizungulira ndi wapolisi wa pamsewu, amene amafuna kuona kaye pepala la COF, kenako n'kusuzumira pawindo n'kufunsa dalaivala ngati thabwa lomwe wapondapolo linachokera nayo ku Rosslyn.