Tsiku limene ndinamasulira ndakatulo

Mwana wanga wamkazi ali Folomu 4, ndipo chiyambireni kukonzekera mayeso a MSCE, m'nyumba mwathu muno mwasanduka kalasi. Lachitatu lapitali ndikutsitsa matumba a makala panjinga, thukuta lili kamukamu kuchokera kumapiri a Machinga, iye uyo ndi kope m'manja.

"Ababa, tandithandizani. Atipatsa ndakatulo, akuti tipeze woyankhula, woyankhulidwa, zipangizo ndi phunziro lake."

Zipangizo? Ine zipangizo ndimadziwa sipanala, pampu ndi mphira womangira matumba. Koma bambo savomera umbuli pamaso pa mwana, makamaka mayi ake ali pomwepo akusenda mbatata. Ndinasamba m'manja, nkukhala pampando wa ndalema ngati mfumu pabwalo, nkuti awerenge.

Ndakatuloyo inali ya mtsinje. Mtsinje ukudandaula kuti wavulidwa zovala, m'mbali mwake mwayera, matope autsamwitsa, ndipo ukuloza chala munthu wina wa nkhwangwa.

Ndinaseka mwachikulu. Ndinamuuza mwana kuti alakatuli sanena chinthu poyera, amakuluwika. Ndinamukumbutsa za Jack Mapanje wa ku Mangochi, amene buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, aboma nkuliwerenga mpaka kupezamo zomwe anapezamo. Mu 1987 anamugwira ku Zomba, nkukamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Munthu angakhale kundende zaka zoposa zitatu chifukwa cha abilimankhwe enieni? Ndinawonjezeranso za malemu Soja Lucius Banda, kuti ife a kuno ku Balaka tinkakangana pamsika kuti nyimbo yakutiyakuti akubaya ndani. Apa mayi a mwana anasiya kusenda, nkundiyang'ana. Ndinayesa ndi ulemu.

Basi ndinayamba kulamula, mwana akulemba. Mtsinje ndi dziko la Malawi. Zovala ndi ndalama za misonkho. Matope ndi ngongole. Wa nkhwangwayo ndi wandale, ndipo ndinatsala pang'ono kutchula dzina, koma ndinakumbukira Mikuyu. Pa zipangizo ndinati alembe nkhwangwa, popeza ndi chipangizo chokhacho chomwe chatchulidwa m'ndakatulo yonse. Panali mawu ena obwerezedwa katatu m'ndime yachiwiri, ndinati amenewo awasiye, wolembayo anangosowa chonena. Nafenso tikasowa chonena pamaliro timatero.

Usiku umenewo ndinagona ngati mphunzitsi wamkulu. M'mawa ndikuwoloka Shire pa Liwonde ndinauyang'ana mtsinjewo mwachibale, podziwa kuti ndi ine ndekha pamlatho ponse amene ndikudziwa kuti si madzi chabe.

Lachisanu mwana anabwera ndi kope lofiira ngati anaphera nkhuku pamenepo. Wapeza 2 pa 10. Malikisi awiriwo ndi a dzina la mlakatuli ndi chiwerengero cha ndime, zomwe anayankha yekha ine ndili kubafa.

Aphunzitsi akuti mtsinjewo ndi mtsinje. Woyankhula ndi mtsinje womwewo, ndipo kuupatsa pakamwa ngati munthu ndiye chipangizo chija, amachitcha umunthu. Mawu obwerezedwa aja ndi chibwereza, amaikamo dala kuti mfundo imveke. Zovala ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi nkulitaya m'madzi, ndiwo matope aja. Pansi pake aphunzitsi analemba kuti tanthauzo lililonse lizikhala ndi umboni wochokera m'mizere ya ndakatuloyo, osati wochokera kumsika. Kumsika! Anadziwa bwanji?

Ndinayesa kudzilimbitsa. Ndinati aphunzitsi a masiku ano ndi ana, za 1987 sakuzidziwa, ndipo kumasulira ndakatulo kuli ngati kumasulira maloto, aliyense ndi kwake.

"Nanga woyankhulidwa akuti ndani?" ndinafunsa, ndikuyembekeza kuti apa pokha andivomera za wandale.

Mwana anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Anayang'ana mayi ake. Kenaka maso ake anapita pakhonde, pomwe panali matumba anayi a makala ndi njinga yanga itatsamira khoma.

"Akuti ndi aliyense wodula mitengo nkumaotcha makala, ababa."

Mayi ake anatola mpeni, nkupitiriza kusenda. "Abambo ake, mwina pamenepa ndiye mukanakhoza. Yankho munali mutalikhalira."

Sabata ino akuti abwera ndi ndakatulo ya mowa. Ndamuuza kuti akafunse amalume ake.