Mlendo amene si mame

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu unkalimbitsa mtima mwini nyumba kuti asadandaule nkhuku yophera mlendo, popeza mawa lake atsanzika. Koma akuluakulu akale sanakumane ndi matenda a shuga. Mlendo ameneyu akafika amamasula katundu yense n'kukhazikika, ndipo pakhomopo sagula ngakhale mchere.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Ambiri amamuzindikira atayala kale mphasa: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, thupi kumangotha.

Ndalama zoyamba zimathera panjira. Kuchipatala cha boma chithandizo ndi chaulere, koma kabaza ndi minibasi si za boma. Wodwala amalawirira osadya kanthu kuti akayezetse magazi, geni ya tsikulo n'kugona. Mankhwala ake, metformin kapena glibenclamide, akakhalapo amalandira osalipira. Akasowa amamva mawu otchuka aja akuti "mukagule ku famase." Mankhwalawa amachokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlendoyu anakweza zofuna zake osafunsa ngati malipiro a mwini nyumba akwera.

Kamakina koyezera shuga kunyumba kali ndi nzeru za wamalonda. Kamagulidwa kamodzi, koma sikayeza popanda timapepala take, ndipo kapepala kalikonse kakalawa dontho limodzi la magazi ntchito yake yatha. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri kamakinako kamakhala m'kabati pamodzi ndi mbale za pa Khirisimasi, n'kumatuluka pokhapokha bambo akayamba chizungulire.

Insulin, amene odwala ena amabayidwa, ali ndi mwambo wakewake. Anatulukiridwa ku Toronto mu 1921, ndipo Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wake ku yunivesite ya kumeneko pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti odwala asavutike kumupeza. Za furiji sanaganizeko. Insulin sagwirizana ndi kutentha, ndiye kumudzi kopanda magetsi kabotolo kake amakasunga mumtsuko wadothi wothiramo mchenga wonyowa, ndipo mwana woyandikira mtsuko umenewo amakalipiridwa kuposa wotaya ndiwo.

Kukhitchini ndiko mlendoyu amalamula ngati mwini mudzi. Mgaiwa, umene ena analumbira potuluka kusukulu yogonera kuti sadzaulawanso, umabwerera ndi chilolezo cha dokotala. Ana akaukana, miphika ya nsima imakhala iwiri ndipo thumba la makala silifika pomwe linkafika. Ndalama yopulumuka pa mandasi ndi zakumwa zotsekemera ndi yochepa moti palibe amene amaiona.

Mwezi ukatalika, ena amadula mapiritsi pakati kapena kudumpha masiku. Kusunga kotereku n'kodula kwambiri, chifukwa shuga akakwera kwa nthawi yaitali amawononga maso ndi impso, ndipo kachilonda ka paphazi kamatha kudulitsa mwendo. Zikafika apo, wina pabanja amasiya ntchito kukakhala gadiyani kuchipatala, mayi amakatenga ngongole kubanki mkhonde, mbuzi imapita kumsika fizi isanalipidwe. Mwana wa ku Joni naye amafika pozolowera: akaona uthenga wa pa WhatsApp woyamba ndi moni wautali wofunsa za nyengo ya kumeneko, amayamba kuwerenga marandi asanafike pamzere womaliza.