Kapitawo wasaina pansi pa mzere wofiira

Mwini nkhani ino ndi kapitawo, ndipo tiyambire pomwepo kuti ulemu usasokonekere. Kwa zaka 14 wakhala akuyang'anira anyamata asanu ndi atatu pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe. M'thumba la malaya ake simusowa cholembera chofiira. Ikangokwana 7:30 amadula mzere m'buku losainira, ndipo aliyense wosaina pansi pa mzerewo amadziwa kuti kumapeto kwa mwezi envulopu ipepuka. Minibasi yothera mafuta pa Chichiri, mwana wotentha thupi, maliro a azakhali, zonsezo zimalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndiye kunabwera kamnyamata kena, ndevu zikadali m'njira, pepala la sukulu lili m'manja, n'kukhala bwana wake. Madzulo amenewo kapitawo anadya mitanda iwiri yokha. Kutacha analengeza pabanja kuti akuyamba dipuloma ya bizinesi, ija yophunzira uli kwanu, ntchito osasiya.

Maphunziro oterewa si achilendo kuno. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, mapepala akuyenda pa positi, maphunziro ena akumveka pa wailesi, ndipo mu 1987 inasanduka Malawi College of Distance Education, ija aliyense amangoti MCDE. Ku South Africa, UNISA inayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo mu 1946. Akuluakulu ambiri anakhoza mayeso akuwerengera pa koloboyi, mphuno zitada ndi mwaye. Kapitawo wathu, pokhala ndi foni yopalasa ndi chala komanso mpando wa khushoni, anaona kuti zake n'zophweka ngati kumwa phala.

Mayi a kunyumba ndi amene anafunsa funso loyamba lanzeru: “Kodi bambo, sukulu imeneyi a NCHE, aja ovomereza sukulu za ukachenjede, akuidziwa?” Bamboyo anali asanafufuze. Maso ake anali pa mkanjo wakuda ndi chipewa chamakona chimene munthu wa pachithunzi cholengezera anavala. Mwamwayi sukuluyo inapezeka kuti ndi yovomerezeka. Tsoka linabisala kwina: mayeso ake amachokera ku Britain, ndipo ndalama yake amawerengera mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, paundi nayo n'kukwera mtengo wa mapapaya. Wophunzira za kasamalidwe ka chuma anakabwereka fizi ku banki mkhonde, kumene msungichuma wake ndi mkazi wake yemwe. Chiwongoladzanja sanamuchotsere ngakhale tambala.

Buku loyamba linali la Henri Fayol, Mfalansa wa ku migodi amene mu 1916 analemba kuti woyang'anira ntchito ali ndi maudindo asanu: kukonzeratu mapulani, kulinganiza zinthu, kulamula, kugwirizanitsa anthu ndi kuwunika ngati zachitika. Pa mapulani pokha kapitawo ndi katakwe. Anawerengetsa kuti sabata ili ndi maola 168, lamulo la ntchito limalola maola 48, choncho otsala 120 ndi ake. Analemba ndondomeko ya mitundu itatu ya inki n'kuimata kuseri kwa chitseko: kudzuka 4 koloko, kuwerenga mpaka 6, Loweruka masana kubwereza. Pepalalo likadalipo, ndipo likuthandiza kwambiri chifukwa linatseka kabowo kolowera udzudzu. Maola 120 aja anagawana ndi minibasi ya ku Bangwe, bawo, mpira wa pa wailesi, ndi tulo timene timabwera munthu akangofika tsamba lachitatu.

Mutu umene unamukoma ndi wa Douglas McGregor, wa mu 1960. Mkuluyu anati mabwana ali pawiri. Ena amakhulupirira kuti wantchito ndi waulesi, sagwira ntchito popanda womuimirira pamsana. Imeneyo ndi Theory X. Ena amati munthu ukamukhulupirira amadziyendetsa yekha. Imeneyo ndi Theory Y. Kapitawo anawerenga za X akugwedeza mutu, n'kulemba m'mbali mwa tsamba maina a anyamata ake onse asanu ndi atatu. Dzina lachisanu ndi chinayi sanaliganizire.

Koma sukulu yophunzira uli kwanu ilibe belu, ilibe mlonda pageti, ilibe mphunzitsi wa chikwapu. Kapitawo wake ndiwe wemwe. Asainimenti ya McGregor yemweyo anapatsidwa milungu isanu ndi umodzi, yoti itumizidwe Lamlungu isanakwane 12 koloko usiku. Anaiyamba Lamlungu lomwelo itakwana 9. Cha m'ma 10 magetsi anazima. Cha m'ma 11 bandulo inatha, ndipo mayi wogulitsa mayunitsi anali atagona kalekale. Lolemba m'mawa kapitawo analembera mphunzitsi uthenga wachisoni chachikulu, wonena kuti azakhali ake atisiya. Atautumiza anakhala kaye chete, chifukwa mawuwo ankamveka ngati anawamvapo penapake. Yankho linabwera laulemu: pepani ndi zovutazo, koma malikisi khumi achotsedwa.

Pa asainimenti yachiwiri anagwiritsa ntchito mfundo ya kugawira ena ntchito. Anapatsa mwana wake wamkazi wa Fomu 3 kuti ataipe. Mwanayo anati, “Adadi, tsamba limodzi ndi K1,000, kukonza Chingerezi n'kwapadera.” Kukonzako kunadya ndalama zambiri kuposa kutaipa.

Funso lake linali lopeza malire amene bizinesi imasiya kuluza n'kuyamba kupindula. Kapitawo anaganiza zogwiritsa ntchito mandasi a mayi ngati chitsanzo, poti mwina n'kuwaphunzitsako kanthu. Anakhala ola lathunthu ndi kalikuleta, akuwonkhetsa ufa, shuga, yisiti, mafuta ndi makala, ndipo anapeza kuti bizinesiyo inagwa zaka zitatu zapitazo. Mayi, osacheuka n'komwe pa mbaula, anati, “Ndikagulitsa 60 mpamba wabwera, otsalawo ndi phindu. Kungoti muwerengeremo anayi amene mumadya inu m'mawa uliwonse osalipira.” Analemba 64. Ndi funso lokhalo limene anakhoza lonse.

Mayeso enieni ali mwezi wamawa, ndipo mantha achita zimene ndondomeko ya inki zitatu inalephera. Lachitatu lapitali kapitawo anawerenga mpaka tambala woyamba, n'kugona chogwira buku. Anafika pa ntchito 7:52. Buku losainira linali patebulo, mzere wofiira utadulidwa kale, wowongoka bwino, ndi dzanja la kabwana kaja. Anasaina pansi pake, anyamata onse ataima chete ngati pa mwambo wa boma. Bwanayo anafunsa chimene chachitika. Kapitawo atangotsegula pakamwa, wamkulu wa anyamata aja anavula chipewa, n'kuweramitsa mutu.

“Pepani akapitawo,” anatero. “Mwambo wa azakhaliwo uli liti?”