Mwana Wanu Akusema Abakha ku Joni

Amayi,

Mwana wanu uja munamuperekeza ku Intercity, amene anaphunzira kuwotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, lero akusema abakha. Musauze anthu a ku tchalitchi.

Famu imene akugwirako ntchito ili kufupi ndi Bothaville, ku Free State, kumene chimanga chimalekezera pomwe diso lalekezera. Akakolola, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, atsekwe amatera m'minda m'bandakucha kudzatola zotsalira, ndipo abakha a milomo yachikasu, amene Mabunu amawatcha geelbekeend, amadzaza madamu. Nyengo yosaka ndi imeneyi. Mlenje amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo boma la chigawo limaika malire a mbalame zoti aphe pa tsiku. Alendo amachokera ku Johannesburg ndi mfuti zawo, agalu atakhala pampando wakutsogolo, mwana wanu ali kumbuyo ndi katundu. Koma bakha sapusa, satera pamene palibe mnzake. Ndiye amamuikira anzake abodza pamadzi.

Tsiku limene kapitawo anafotokoza zimenezi, mwana wanu anaseka mpaka misozi. Ntchito imeneyi anaiona kale ku Kulima Tower! Mukukumbukira tsiku lija munakwera minibasi poona kuti kwangotsala mipando iwiri, mutakhazikika bwinobwino anthu asanu n'kutsika mmodzimmodzi, onse angwangwazi? Abakha akewa ndi angwangwazi enieni. Amakhala phee ngati alipira, kudikira wa ulendo weniweni.

Abakha ogula kusitolo ndi apulasitiki ndipo ndi odula, choncho abwana anafunsa ngati pali wa luso la manja. Mwana wanu anatola kaylite kudzala, zoyera zopepuka zija zimene amatchingira firiji ndi TV m'katoni. Amamata zidutswa zitatu ndi guluu wa matabwa, kusema thupi ndi mpeni wa buledi, kenako kusalaza ndi sandipepa mpaka tsitsi lake kuyera ngati la agogo. Mutu amasema wa thabwa n'kuulowetsa ndi kamtengo. Ngwangwazi woyamba anamupopera penti wa m'chitini. Amayi, anasungunuka mwana wanu akuona, kunangotsala mutu ndi kachinthu konga chingamu. Kaylite sagwirizana ndi penti wamafuta. Tsopano amayamba wamuveka chiguduli chonyowetsa ndi guluu, chikauma ndiye amapaka penti wamadzi, wosawala, chifukwa ngwangwazi wonyezimira kwambiri aliyense amamukayikira.

Wachiwiri anagadabuka ndi mphepo n'kumayandama chagada ngati wagonera kachasu. Mankhwala ake ndi kachitsulo kopyapyala kunsi kwa mimba, chingwe, ndi bawuti yakale yoti igwire pansi. Apa ndiye maphunziro a ku Katima Mulilo anathandiza.

Kukhazika kwake nakonso n'kwa ku siteshoni. Mbalame imatera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye pakati pa gulu pamasiyidwa malo, mpando wopanda munthu pafupi ndi khomo. Onse akadzutsa makosi, ya m'mwambayo imadziwa kuti pansipo pali choopsa. Choncho ena amawasema akudya, ena akuwodzera, ngati anthu amene akhala m'basi kuyambira m'mawa. Kondakitala ndi mzungu wobisala m'bango akuliza kapito kolira ngati bakha. Sabata yatha galu wamng'ono anasiya bakha wowomberedwa n'kubweretsa wa kaylite, mchira uli gwedegwede. Mwana wanu sanalandirepo satifiketi yoposa imeneyo.

Anafufuza pafoni n'kupeza kuti bodzali ndi lakale. Mu 1924, m'phanga la Lovelock ku Nevada, anafukula abakha oluka ndi bango a zaka pafupifupi 2,000. Mu 2007, mbalame ziwiri zosemedwa ndi Elmer Crowell wa ku America zinagulidwa madola opitirira 1 miliyoni iliyonse. Ngwangwazi wa ku Kulima Tower akadamva, bwenzi atakweza mtengo.

Amayi, denga lija lili bwanji?

Ndalama imene watumiza pa Mukuru ndi yoperewera pa imene analonjeza, akudziwa. Nyengo yosaka ikatha alendo sabweranso, ndipo sakudziwa ngati abwana amusunga mpaka nthawi yobzala. Masiku a papasipoti nawo sakumugonetsa. Yambani mwagula mankhwala anu a BP, malata abwere pambuyo. Koma ngalande ya kuseri kwa nyumba ikumbidwe mvula isanayambe, ndipo klorini asasowe m'nyumbamo. Za Januwale 2024, anthu akuwanyamula kupita nawo ku Heroes Stadium ndi kolera, saziiwala. Akaima m'damu madzi ali lekeza m'mawondo, zala zitauma ndi chisanu, amapezeka akulakalaka ngakhale fungo la maponzi a ku Garden, lija ankatseka nalo mphuno popita kusukulu.

Mng'ono wake walemba kuti akufuna kubwera, akuti anaona chithunzi chija cha pa Facebook. Mumuuze kuti Hilux imene mkulu wake anatsamirayo ndi ya mlendo, jekete nalo linali lobwereka. Amalize kaye kosi yake. Ngati savomera, muuzeni aimbe Lamlungu madzulo, mwana wanu akakwera pa thanki pomwe netiweki imagwira.

Munthu wina wa ku Chaisa akukwera basi ku Park Station kumapeto kwa mwezi. Wapatsidwa bulangete lanu ndi bakha mmodzi wothyoka mchira, wa kamdzukulu kanu. Musamuike pafupi ndi mbaula.

Ndi mwana wanu,
ku Free State