Kanema wa chinkhoswe ndi ma K50 anga

Banja lililonse kuno kwathu lili ndi maudindo amene munthu salembera kalata yofunsira. Pali wodziwa zamankhwala, amene sanapondeko ku College of Medicine koma aliyense akatentha thupi amangoti, “Awo ndi malungo basi.” Pali wodziwa zamalamulo chifukwa anakhalapo mboni pamlandu wa mbuzi. Ndiye pali wa zamakompyuta. Kubanja kwathu ameneyo ndine.

Udindowu ndinaupeza mwachilungamo. Tsiku lina TV ya apongozi anga inasiya kulankhula, anthu n’kuyamba kusonkherana ndalama zoitengera kwa okonza. Ine ndinafika, n’kuiyang’ana mwaulemu, n’kudina batani la mute pa limoti. Mawu anabwerera. Kuyambira pamenepo apongozi akamandifotokoza kwa anzawo a Mvano amati, “Mkamwini wanga uja wa zamakompyuta.” Sindinawatsutse. Kutsutsa apongozi ndi mwano.

Choncho kanema wa chinkhoswe cha mwana wa alamu anga atapezeka, panalibe zovota. Ntchito yoti abale onse aonere pa TV inagwera ine. Anajambula ndi mnyamata wina wa kuchimuna, mwini foni yodula ija ya maso atatu kumbuyo, ndipo anandikopera fayilo yonse mu laputopu yanga akundiyang’ana mokayikira.

Tisanapite patali, tiuzane chilungamo. Anthu safuna kanema wa chinkhoswe kuti aone akwati. Akwatiwo timawadziwa, ena tinawasambitsa ali makanda. Chimene anthu amafuna kuona ndi perekaniperekani. Malume a akunyumba anakhala akulengeza paliponse kuti iwo ankaponya ma K5,000 okhaokha, pomwe amayi owerenga ndalama ankati m’beseni monse ma K5,000 anali oti n’kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Kanemayu ndiye anali mboni. Ine mkanganowu ndinkangoumvera patali, poti tsikulo ndinasinthitsa K2,000 yanga kukhala ma K50, ndipo ndinavina nawo nyimbo zingapo mpaka amayi ena kundilulutira.

Vuto loyamba linali fulashi. Inali ya 32 GB, yopanda kanthu, fayiloyo ya 6 GB yokha, koma kompyuta n’kumati fayilo yakula. Masamu ndinkalephera kusukulu, koma osati kufika pamenepa. Ndinanyamuka ulendo wa kumsika kukam’thira mphepo mnyamata amene anandigulitsa fulashiyo, yemwenso amabena nyimbo ndi mafilimu m’kashopu ka malata. Anandimvetsera mpaka kumaliza, uku akutafuna chimanga chootcha.

“Madala, fulashiyi ilibe mlandu,” anatero. “Inakonzedwa m’njira ya FAT32. Njira imeneyi ndi ya mu 1996, ndipo silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo atakhalapo ambiri bwanji. Ndingathe kuisintha kukhala exFAT, koma ma TV ena akale saiwerenga. Bola tingoidula pawiri fayiloyi.”

Ndinamuuza kuti ndimafuna kunena zomwezo, kungoti anandidula mawu.

Lamlungu masana pabalaza pa apongozi panadzaza. Ana pansi, amayi pamkeka, malume pampando wa ndalema atapinda mwendo. Ndinalowetsa fulashi mu TV modekha, monga amachitira munthu woidziwa ntchito. TV inaganiza pang’ono, kenako n’kulemba mawu awiri a Chingerezi okana fayiloyo. Apongozi anafunsa kuti yati chiyani. Ndinati ikupereka moni.

Apa m’pamene ukatswiri umaonekera. Ndinaona kuti dzina la fayiloyo likuthera ndi .mov, pomwe mafilimu onse amene TV ija imaonetsa amathera ndi .mp4. Ndinatsegula laputopu, n’kufufuta zilembo zitatuzo, n’kulemba zinazo. Nditabwezera fulashi, TV inavomera. Pabalaza ponse panamveka ng’oma, nthungululu, ndi mawu a woyendetsa mwambo akuitana a kuchikazi. Koma pasikirini panali bii, mdima wa ndiweyani.

Ndinafotokozera abale kuti makanema amakono amayamba ndi makutu, maso amabwera pambuyo. Tinakhala tikumvetsera chinkhoswe chathu chomwe. Nthungululu itakwera kwambiri, malume anaimika chala m’mwamba. “Mwamva? Pamenepo m’pamene ndinkaponya ine.” Panalibe wowatsutsa. Akunyumba anandiyandikira n’kunong’ona, “Abambo, masowo abwera lero lomwe kapena tikapike?”

M’mawa mwake ndinabwereranso kumsika, ulendo uno nditanyamula Fanta.

“Madala, mwangosintha dzina?” Anaseka mpaka kutsamwa. “Mukalemba kuti ‘thobwa’ pachigubu cha palafini, m’katimo mumasanduka thobwa? MP4, MOV, AVI, MKV, zonsezi ndi zigubu chabe. M’kati mwake mumakhala zithunzi, mawu, nthawi zina ndi mawu olembedwa aja a pansi pa filimu, ndipo chilichonse chimapanikizidwa m’njira yakeyake. Njirayo ndi imene timati codec. TV ya agogo yatsegula chigubu chifukwa MP4 anaitengera ku MOV ya a Apple, ndi pachibale. Mawu yawadziwa, n’chifukwa chake munamva ng’oma. Koma zithunzizo ndi za H.265, ndipo iyo imangodziwa H.264.”

Mnyamatayu anasiyira sukulu panjira, koma zaka ankazitchula osaphethira. H.264 inatuluka mu 2003, ndipo pafupifupi chilichonse chokhala ndi sikirini chimaidziwa. H.265 inabwera mu 2013, imasunga chithunzi chokongola mofanana pamalo pafupifupi theka, n’chifukwa chake mafoni ambiri atsopano amaikonda, kuphatikizapo a iPhone kuyambira mu 2017. TV ya apongozi inagulidwa zonsezi zisanafale. AVI ndi nkhalamba ya a Microsoft ya mu 1992. MKV ndi ya mu 2002, ndipo imalandira pafupifupi chilichonse chimene mwaithiramo.

Ndinafunsa chifukwa chake anthu ophunzira chonchi sangagwirizane njira imodzi, ife n’kupuma. Anati nkhani ndi ndalama. Njira ngati H.265 ili ndi eni ake ambirimbiri, ndipo kampani yopanga foni kapena TV imayenera kuwalipira. Makampani ena, monga Google, Netflix ndi Amazon, anatopa nazo n’kupanga yawo yosalipiritsa yotchedwa AV1, imene inatuluka mu 2018. Ndinafunsa ngati TV ya apongozi imaidziwa imeneyo. Anangondiyang’ana, n’kutsegula Fanta.

Mankhwala ake, anatero, n’kuiphikanso fayiloyo kuti zithunzi zichoke mu H.265 kupita mu H.264. Anandiikira pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake, ya chizindikiro cha chinanazi ndi tambula ya chakumwa, n’kunena kuti ndimusiyire laputopu andichitire. Ndinakana. Kodi dokotala amasiya wodwala wake kwa mlonda? Ndinapita nayo kunyumba.

Usiku umenewo, ana atagona, ndinati ndiyambe ndamuona kanemayu pa laputopu, poti iyo inkamutsegula bwinobwino. Abale anga, mafoni a masiku ano alibe chisoni. Mnyamata wa kuchimuna uja anajambula mu 4K, kutanthauza timadontho toposa 8 miliyoni pachithunzi chimodzi. Ndinaona thukuta pamphuno pa ankhoswe. Ndinaona ulusi wosomoka pakolala ya malume. Kenako ndinadziona ine, ndikutuluka pagulu mapewa ali m’mwamba, ndikuvina mwa bwana, dzanja likuwaza ndalama. Nambala 50 inkawerengeka pa ndalama iliyonse, ngakhale ili m’malere.

Ndinayamba ndi kudula. Pafoni ndili ndi kapulogalamu kokonzera makanema kamene achinyamata amapangira zovina zawo, ndipo ndinachotsa bwinobwino gawo lonse limene ndinkaonekamo. Zotsatira zake zinali zodabwitsa. Mkwatibwi anali kumanzere atagwira beseni, kuphethira kamodzi ali kumanja akupukuta misozi. Nyimbo inalumpha kuchoka pakati kufika kumapeto, ndipo mayi wina amene anali m’kati movina anangosowa. Akunyumba, amene ndinkayesa agona, analankhula kumbuyo kwanga. “Abambo, mwana wa achimwene wayamba liti kuuluka?” Ndinati ndikuyesa zida.

Ndiye ndinatsegula HandBrake, ndipo m’menemo ndinapezamo bwenzi. Muli kabatani kotsetsereka kosankhira kukongola kwa chithunzi. Nambala ikachepa, chithunzi chimakongola, fayilo n’kukula. Nambala ikakwera, fayilo imachepa, chithunzi n’kuyamba kusungunuka. Mnyamata wa kumsika anati ndiike cha m’ma 22. Kabataniko kamafika mpaka 51.

Mmene zimayendera n’zochititsa chidwi, ndipo ndikufotokozerani ngati katswiri. Kanema ndi zithunzi zambiri zothamanga motsatizana, 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Kusunga chilichonse chathunthu kungadzaze fulashi m’kanthawi kochepa. Ndiye codec imasunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, pakati ponsepo n’kumangolemba zimene zasintha. Ankhoswe akaima chilili n’kumapereka malangizo, chimasuntha ndi pakamwa pokha, ndipo kanema amaoneka bwino ngakhale mutam’finya chotani. Koma ikafika nthawi yovina, amayi makumi atatu atavala chitenje chimodzi cha maluwa ang’onoang’ono, aliyense akugwedezeka mbali yake, ndalama zikuuluka, wojambula nayenso akudumpha, palibe kadontho kamene kakhala malo amodzi. Codec ikaperewedwa malo, imangogawa chithunzi m’timabokosi n’kupaka kalikonse mtundu umodzi.

Ndinakankhira kabatani kaja kumapeto. Laputopu inalira usiku wonse, ikutulutsa mphepo yotentha. Itafika pa 97 peresenti magetsi anazima, batire lake linafa kalekale, ndiye ndinayambiranso. Koma chimene chinatuluka chinali chokoma m’maso mwanga. Fayilo ya 6 GB inasanduka kanthu koti n’kutumiza pa WhatsApp osadandaula za bandulo. Nkhope ya apongozi inali timabokosi tinayi. Ndalama zonse zinali timadontho totuwa. M’kanema wanga, wolemera ndi wosauka anaponya mofanana.

Lamlungu lotsatira TV inaonetsa zonse, mawu ndi zithunzi zomwe. Apongozi anapukuta magalasi awo, n’kuwavalanso, n’kuwavulanso. Anafunsa ngati chinthu chobiriwira chikuyenda apocho ndi iwo kapena tenti. Ndinati mafoni odulawa ndi dzina chabe. Malume anandivomereza mwamphamvu, ndipo analoza kabokosi kena kamene kankagwa. “Iyo! K5,000 imeneyo!” Ine ndinati ndaionadi. Chikhalire ine ndi malume sitinagwirizanepo chonchi.

Zikanathera pomwepo pakanapanda mwana wa mlamu wanga wina, kamtsikana ka Fomu 2, kamene nthawi yonseyi kanali phee pakona. Kanadzuka mwaulemu, n’kugwada pafupi nane. “Ankolo, bwanji tingolumikiza laputopu ku TV ndi chingwe cha HDMI? Fayilo yoyamba ija mukadali nayo, eti? Pa laputopupa ndaonapo VLC.”

VLC ndi pulogalamu ija ya chizindikiro cha kachipewa kosongoka ka olenji kamene amaika pamsewu pokonza kapena pa rodibuloko. Inayamba mu 1996 ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale Paris ku France, ndipo chizindikirocho chinabwera chifukwa ophunzirawo ankakonda kutolera tizipewa timeneti. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imabwera ndi ma codec ake m’thumba, ambiri ochokera ku FFmpeg imene Fabrice Bellard anaiyambitsa mu 2000. Mukaipatsa MOV imatsegula, MKV imatsegula, ngakhale 3GP ya mafoni a mabatani aja imatsegula. Anthu onsewa anagwira ntchito zaka zambiri osalipiritsa aliyense, ndipo palibe mmodzi yemwe anaganizirako za ine.

Ndinati chingwe cha HDMI n’chosowa. Kanali nacho m’chikwama.

Chithunzi chitabwera, pabalaza ponse panamveka “Eeee!” Apongozi anadziona, n’kuyamikira duku lawo. Kenako kamtsikana kaja kanaonetsa agogo ake kuti ukadina chilembo E pa VLC, kanema amayenda chithunzi chimodzichimodzi. Apongozi sanagwirepo kompyuta chibadwire, koma chilembo chimenecho anachiphunzira nthawi yomweyo. Anakoka mpando, n’kuika chala pa batani.

Anayamba ndi malume. K5,000 inalipodi, imodzi. Anaikweza m’mwamba nyimbo yonse, akuionetsa kumanzere ndi kumanja. Dinani, dinani, dinani: dzanja likutsika, likulowa m’thumba la jekete, likutuluka ndi K200. Malume anati akukaona ngati njinga yawo ili bwino panja. Anabwera pa minibasi.

Kenako inafika nthawi yanga. Ma K50 aja sanadabwitse anthu kwenikweni, poti ena anali atawaona kale pa tsikulo. Chimene ine ndinali ndisanachione, chifukwa usiku uja ndinatseka maso msanga, chinali chakumapeto kwa nyimbo. Munthu wofanana nane kwambiri akuwerama movina, akutola ma K50 awiri amene anagwera pafupi ndi nsapato yake, n’kuwaponyanso. Apongozi anabwereza malo amenewo katatu. Ndinafotokoza kuti masiku ano a zachilengedwe amalimbikitsa kugwiritsanso ntchito zinthu. Akunyumba anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Ukwati weniweni uliko mu Disembala, ndipo komiti yakhala kale pansi kugawana ntchito. Ine sindinadikire kupemphedwa. Ndadzipereka kukhala wojambula, mwaulere, kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo. Abale ayamikira mtima wanga wodzipereka. Wojambula saoneka m’kanema, ndipo nthawi ya perekaniperekani manja ake onse awiri amakhala otanganidwa.