Mfumukazi Elizabeth Yaweruzidwa pa Chonde

Mwezi wa September ukafika, nkhani pa Chonde imakhala imodzi: mwambo wa Mulhako wa Alhomwe wa mu October. Amayi amawerengera miphika ya kalongonda, a tchopa amakunga ng'oma, ogulitsa gondolosi amayamba kufunafuna katundu. Koma chaka cha 2022 nkhani ina inalowerera. Chilengezereni mawayilesi pa 8 September kuti Mfumukazi Elizabeth II yamwalira ku Balmoral, ku Scotland, ili ndi zaka 96, khonde lililonse linasanduka bwalo la milandu. Ndinayenda m'makondemo, ndinamva zoseketsa, ndinamvanso zolasa mtima.

Anyamata a kabaza ndiwo anayamba ndi masamu. Mmodzi, atakhala pa njinga yake, ankawerenga zala: Kamuzu, Muluzi, Bingu, Joyce Banda, Peter Mutharika, Chakwera. "Onsewa alowa, mayiyu ali pompo!" Mnzake anakumbutsa kuti Kamuzu, amene ankatchedwa wamuyaya, anakhala zaka 30 zokha, pamene Elizabeth wakhala zaka 70. Ufumu unamupeza ali paulendo ku Kenya pa 6 February 1952, tsiku limene bambo ake, George VI, anamwalira. Anali ndi zaka 25, msinkhu wa anyamata omwewa. Nduna zazikulu za Britain zimene anagwira nazo ntchito ndi 15, kuyambira Winston Churchill mpaka Liz Truss, amene anamulandira kutatsala masiku awiri kuti atsikire kuli chete. "Achimwene," anatero wina, "ine bwana atandiuza kuti ndipalase mpaka zaka 96, njinga yake ndimubwezera lero lomwe."

Kumsika amayi anagwira za ulowam'malo. Chinawaseketsa kwambiri n'chakuti mwana wa mfumukaziyo, Charles, walowa ufumu ali ndi zaka 73. "Mwana kudikira mpando mpaka imvi mbuu!" anatero wogulitsa nandolo. Wa zitumbuwa anati azunguwo aphunzira mwambo wathu tsopano, chifukwa ufumu wadzera kwa mayi monga zimakhalira kwa Alhomwe. Mnzake anamutsutsa: nanga mayiyo sanautenge kwa bambo ake? Kuno mwana salowa ufumu wa bambo, amalowa wa amalume ake. Anakangana mpaka kasitomala anachoka osalandira chenje, n'kuchita kumuthamangira. Chimene onse anagwirizana n'chakuti mayi pampando si chachilendo. Mulanje ndi Phalombe ali ndi mafumu aakazi amene akakhosomola pabwalo, abambo amavula zipewa.

Telala wapakhonde naye anali ndi dandaulo lake. Anati dziko lataya munthu wodziwa kuvala: chipewa, diresi ndi ambulera zamtundu umodzi, kachikwama padzanja. Koma za agalu ake aafupi miyendo aja, ogona m'nyumba yachifumu, telalayo anangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa makina.

Tsiku la maliro, pa 19 September, m'nyumba yoonetsera mpira munadzaza ngati kukusewera Bullets ndi Wanderers. Anthu anaona mwambo wa ku Westminster Abbey, asilikali akuyenda mwakachetechete, bokosi likupita ku Windsor. Mafunso anali ambiri. Masiku 11 mtembo usanaikidwe, nanga nsima ankaphika ndani? Adzukulu okumba manda ali kuti? Bwanji palibe wolira mokweza? Mayi wina anati akanatumizako amayi a mvano asanu okha, azunguwo akanadziwa kuti maliro amayimbidwa bwanji. Komabe bokosi litayamba kutsika, m'nyumbamo munati zii, ndipo abambo ena anavula zisoti. Imfa ndi imfa.

Mphunzitsi wina wopuma, amene amakhala pa golosale ndi nyuzipepala yake, ndiye anakumbutsa achinyamata kuti nkhaniyi si yakutali. Elizabeth anali mfumukazi yathu ifenso. Dziko lino lili Nyasaland linali m'manja mwake, ndipo ngakhale titalandira ufulu pa 6 July 1964, pamwambo umene kunabwera mwamuna wake Philip, iye anakhalabe Mfumukazi ya Malawi, womuimira wake ali Sir Glyn Jones, kufikira pa 6 July 1966 pamene tinakhala lipabuliki. Anadzachezanso kuno mu July 1979, ali paulendo wopita ku msonkhano wa Commonwealth ku Lusaka, ndipo Kamuzu anakalandiridwa ku London mu 1985. Agogo ena anathirira ndemanga kuti nkhope yake anaidziwira pa tiki ndi pa sheleni, kwacha isanabwere mu 1971. "Mayi ameneyu tinkamumanga pansonga ya chitenje," anatero, anthu n'kufa nacho chiseko.

Chiseko chinazilala pamene nkhalamba ina, imene inagwirapo ntchito m'minda ya tiyi, inayamba kulankhula. Inati makolo ake anachokera kutsidya, ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza kuti nthaka yabwino ya Mulanje ndi Thyolo ili kale m'manja mwa azungu. Kuti umange nyumba pa esiteti unkalipira ndi thukuta, miyezi yathunthu ukulimira mwini malo munda wako ukumera tchire. Ndiyo thangata, ndipo inatha mu 1962, Elizabeth atakhala kale pampando zaka khumi. "Ana inu," inatero, "chaka chimene ankamuveka chisoti, 1953, n'chomwecho anatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu August anthu ku Thyolo anaukira chifukwa cha malo, ena anaomberedwa." Inakumbutsanso za pa 3 March 1959, pamene boma la atsamunda linagwira Kamuzu n'kukamutsekera ku Gweru, asilikali n'kuombera anthu padoko la Nkhata Bay. M'dziko lonse anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'masiku amenewo, ndipo ngakhale woweruza wa ku Britain komweko, Patrick Devlin, atafufuza analemba kuti Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Zonsezi zinkachitika m'dzina la Mfumukazi.

Aphunzitsi aja anayesa kuziziritsa. Anati ku Britain mfumu silamula. Siweruza milandu, sigawa malo, sichotsa nduna mwakufuna kwake. Amalamula ndi aphungu osankhidwa, iyo imangosaina. Apa wakabaza wina anadabwa: "Mfumu yosaweruza ngakhale mlandu wa mbuzi yodya chimanga? Nanga mswahala wonsewo ngwachiyani?" Mtsikana wa kukoleji, foni ili m'manja, anati kusalamula sikuletsa munthu kunena kuti pepani. Anatchula mwala wa dayamondi wa Cullinan, umene unakumbidwa ku South Africa mu 1905, zidutswa zake zili pachisoti ndi pandodo zimene zinali pabokosi lija. Anatchulanso Akenya oposa 5,000 amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau, omwe boma la Britain linawalipira chipepeso mu 2013. "Nanga a ku Nkhata Bay?" anafunsa. Palibe anayankha.

Mawu amene ndinapita nawo kunyumba anachokera kwa agogo aja a tiki. Anati mfumu ndi dzala, zinyalala zonse za m'mudzi zimatayidwa pa iyo, zake ndi za eni. Anyamata a mfumu akakumenya, sukadandaula kwa anyamatawo, umapita kwa mwini dzina. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma anawonjezera kuti mayi amene wagwira ntchito imodzi zaka 70 osathawa, amene anakhala pabanja limodzi kuyambira 1947 mpaka mwamuna wake atamwalira mu 2021, amene anatsitsa mbendera yake m'maiko ambiri n'kupitabe kukagwirana chanza ndi amene anamulanda ulamuliro, ameneyo ndi wofunika kumukhuza.

Ine ndili kumbali ya agogowa. Ulemu wa pamaliro tiupereke ndi mtima wonse, pakuti ndiwo mwambo wathu, ndipo kupirira kwa Elizabeth n'kosowa. Koma kukhuza maliro sikufafaniza ngongole. Kuno wolowa ufumu amalowanso milandu imene mnzake anaisiya, choncho Charles III walandira chisoti pamodzi ndi mawu amene mayi ake sananene. Ndipo ifenso tili ndi gawo lathu: takhala tikudzilamulira kuyambira 1964, koma banja la ku Mulanje likulimabe kachigawo kosakwana n'komwe kudyetsa ana, tiyi atazungulira mbali zonse. Funso limeneli silipita ku London lokha, lipitenso ku Lilongwe.

Dzuwa litapendeka, ng'oma za tchopa zinayamba kulira kuseri kwa msika, ovina akukonzekera October. Nkhalamba ija inadzuka, n'kutenga ndodo yake. Inati ikupita kukaonerera, chifukwa gule ameneyu makolo ake anabwera naye kuchokera kutsidya, anamuvina nthawi ya thangata, anamuvina nthawi ya chitaganya, ndipo mpaka lero palibe mfumu ya kunja imene inamulanda.